Kiyi wa Chipinda cha Chimanga

Golomoti, 5 Juni

Achimwene a Dyson,

Choyamba ndifunse za moyo wanu, wa alamu a Selina ndi wa ana kumeneko ku Chinsapo. Ife kuno tilipo. Amayi miyendo ikuwavutabe, koma pakamwa ali bwinobwino, akutha kundikalipira kuyambira m'mawa mpaka nkhuku kulowa. Mayamiko wanga wakwanitsa zaka zinayi, ndipo tsiku lililonse akufunsa kuti amalume ake a ku Lilongwe adzabwera liti ndi buledi.

Musadabwe kuona kalata m'malo mwa foni. Ndinamvera malangizo anu. Munati foni ndi mwana wachiwiri, imadya mayunitsi, imadyanso ya tchaji, ndiye ndinaigulitsa kwa aphunzitsi ena. Tsopano positi ofesi yathu ndi a Felesita, aja amapita ndi mpunga wa ku Bwanje kumsika wa ku Lilongwe. Akuti muzikawapeza pamalo pawo Lachisanu, yankho muziwapatsa pomwepo. Salipiritsa, koma amakonda kudziwa zimene zalembedwa, ndiye envelopu muzimata bwino.

Nkhani yaikulu ndi iyi. Takolola. Titatonola ndi kupeta, chimanga chakwana matumba khumi ndi asanu. Ndinawerenga katatu chifukwa sindinakhulupirire. Chimwalirireni bambo a Mayamiko sitinakololepo chotere. Amayi anakhala pa thumba limodzi n'kuyamba nyimbo ya kwaya ya ku Mua, mawu atawathera kalekale, mpaka galu anachoka pakhonde.

Chatsala ndi mankhwala a anankafumbwe. Kutentha kwa kuno mukukudziwa, tizilombo timaswana ngati tatumidwa. Wogulitsa wa pa Golomoti akuti botolo limodzi ndi la matumba anayi. Matumba atatu tiyamba kudya, amenewo safuna mankhwala. Khumi ndi awiri otsalawo afuna mabotolo atatu. Ndalama yake ndili nayo, ndinaipeza pa ganyu womweta mpunga ku Bwanje, milungu itatu ndili chiweramire padzuwa. Ndiye sindikupempha, musayambe kugwira m'thumba ndi mantha. Ndikungokudziwitsani monga mwini mbumba, kuti musadzanene kuti mlongo wanu amachita zinthu za m'mutu mwake.

Komabe ngati m'thumbamo muli kangachepe, amayi sopo watha, ndipo shuga anamuona komaliza pa Pasaka.

Ndine mlongo wanu,
Zione

Chinsapo, Lilongwe, 13 Juni

Zione mlongo wanga,

Kalata yako ndalandira ndipo ndakondwa kumva kuti nonse mulipo. Ife kuno tili bwino, ntchito yaulonda ikuyenda, alamu ako ndi ana awiriwa akupereka moni. Amayi uwauze kuti ndamva za miyendo yawo, azithowa ndi madzi ofunda, zimenezo sizifuna ndalama.

Matumba khumi ndi asanu. Mzere umenewo ndauwerenga mobwerezabwereza. Wagwira ntchito, mlongo wanga. Koma tsopano tamvera, chifukwa kulima mumatha, chimene chimakuvutani kumudziko ndi kusunga.

Za mabotolo atatu ndakana. Wogulitsayo akuti matumba anayi chifukwa akufuna mabotolo ake ayende. Kodi pa paketi ya tiyi salemba kuti supuni yodzaza? Nanga ife sitimwa ndi theka? Gula botolo limodzi. Ukatole mankhusu a mpunga kuchigayo, ndi aulere, uwotche, phulusa lake usefe, usakanize ndi mankhwalawo m'beseni mpaka zikwane matumba onse khumi ndi awiri. Nankafumbwe amathawa fungo lokha. Agogo athu ankasunga ndi phulusa lokhalokha, ife tikuwonjezera ndi mankhwala omwe, ndiye tikuopa chiyani? Ndalama yotsalayo usunge.

Chachiwiri. Matumbawo uwasoke, uwasanje m'chipinda chaching'ono chija chopanda zenera, ugule loko, utseke, kiyi unditumizire kuno. Usakhumudwe. Si kuti sindikukhulupirira, koma mtima wako ndimaudziwa. Kukagwa maliro upereka ndowa, azakhali akabwera ndi nkhope yachisoni upereka ndowa, pofika Okutobala m'chipindamo mwatsala zingwe zokha. Kiyi akakhala kwa ine, aliyense wopempha uzingomuuza kuti mwini mbumba ali ku Lilongwe. Tidzatsegula mu Januwale mtengo utakwera. Anayi tidzagulitsa, asanu ndi atatu adzadyedwa mpaka chatsopano.

Atatu akunjawo akufikitseni Disembala. N'zotheka. Leka kukonola, ufa woyera umataya chimanga chambiri ku madeya, muzidya mgaiwa. Sopo ukagula uziyamba wamudula zidutswa zinayi n'kuyanika padzuwa, wouma sasungunuka msanga. Mchere uziyeza ndi kachivindikiro ka botolo. Moto usamazime, chikuni uzichikwirira ndi phulusa, machesi ndi ndalama. Masamba a tiyi mukamwa uziwayanika, amagwira kawiri, ena kuno amafikitsa katatu.

Za shuga ndi sopo wa amayi mundikhululukire mwezi uno, zinthu zathina pang'ono. Mwezi wamawa ndiona.

Ndine mlongo wako,
Dyson

Golomoti, 26 Juni

Achimwene,

Moni nonse kumeneko. Ife tadzuka. Ndachita zonse monga munalamulira, ngakhale mtima wanga sunavomere, ndipo ndalemba dala mawu amenewa kuti akhale papepala.

Wogulitsa mankhwala atamva kuti ndikufuna botolo limodzi la matumba khumi ndi awiri anapukusa mutu. Kenako anati, "Mayi, anankafumbwe a kuno kuchigwa si a ku Dedza kumapiri kozizira. Mukawapatsa pang'ono amangoyetsemula n'kupitiriza kudya." Ndinamuyankha kuti ndili ndi achimwene ku Lilongwe amene amadziwa zinthu. Anati chabwino, n'kundipatsa chenji.

Mankhusu ndinawotcha, ndinasefa, ndinasakaniza. Ine ndi amayi tinatuwa mbuu ngati ogwira ntchito m'chigayo. Loko ndinagula wakale kuti atsike mtengo, n'chifukwa chake ali ndi kiyi mmodzi yekha, koma ndi kachitsulo kokolowekapo ndi misomali wadya ndithu ndalama ya botolo lathunthu. Ndiye pa mabotolo awiri amene tapulumutsa, limodzi likulendewera pachitseko. Ya linalo ndaikulunga m'kansalu, ili m'kachitini ka mafuta odzola.

Malangizo ena aja akuyenda. Sopo woyanika n'zoona sasungunuka, komanso satulutsa thovu, ndiye tikungodzikhula ndi mwala wonunkhira. Tiyi wachitatu ndinawapatsa amayi, anayang'ana m'kapu n'kufunsa ngati amenewo ndi madzi otsukira kapuyo. Mgaiwa akudya akung'ung'udza, akuti akalamba ndi ufa woyera, lero mwana wobereka okha wawaika pa chakudya cha kundende. Koma akamakutchulani nkhope imawala. Akuti Dyson anatengera mutu wa bambo ake, ine ndinatengera pakamwa pa azakhali.

Kiyi ali mu envelopumu, ndamukulunga ndi kachikatoni kuti a Felesita asamumve ndi zala. Musamutaye. Thukuta langa la chaka chathunthu lili kuseri kwa kachitsulo kameneko.

Zione

Golomoti, 25 Sepitembala

Achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino, ngakhale chikhalireni Juni sitinamve mawu anu. Ndinalemba mu Ogasiti, kaya inafika. A Felesita masiku ano akupita mwa apo ndi apo chifukwa mpunga wayamba kusowa, ndipo akuti maulendo awiri sanakuoneni pamsika. Kodi mukudwala? Mwezi wamawa uja munanena wa sopo wadutsa katatu pakhomo pano osaima.

Koma si za sopo ndikulembera. M'chipinda muja muli phokoso. Masana kukatentha, nkhuku zikabisala pamthunzi, ndikaika khutu pachitseko ndikumva kuti waaa, ngati mvula yowaza pa denga laudzu. Poyamba ndinkati ndi makutu anga. Ndinaitana amayi, anamvetsera, anati ndi chimanga chikuuma. Chimanga chimene ndinayanika milungu iwiri chiumenso chiyani?

Chinanso, pansi pa chitseko pakutuluka fumbi. Ndikasesa m'mawa, madzulo labweranso. Si phulusa ayi, phulusa ndimalidziwa, ndinasefa ndekha. Ili ndi loyera, ndipo ndikanyambita ndikumva ufa. Dzulo ndapeza tizilombo takuda tikuyenda pafelemu. Ndakuikirani titatu m'kapepala kuti muone nokha.

Tumizani kiyi. Sindikufuna kudya, sindikufuna kupatsa azakhali. Ndikufuna nditulutse matumbawo, ndiyanike, ndipete, ndigule botolo lina ndi ndalama ndinasunga ija, ndithire, nditsekenso, kiyi ndikubwezereni. Ndi ntchito ya masiku atatu basi. Ndikuchita mantha, achimwene, ndipo inu mukudziwa kuti ine si munthu wa mantha.

Matumba akunja aja awiri atha, lachitatu lili pakati. Disembala sitifika, ngakhale titamangonunkhiza.

Ndine mlongo wanu,
Zione

Chinsapo, 17 Okutobala

Zione,

Kalata yako yandipeza mochedwa, inagona kwa a Felesita milungu itatu. Tili bwino, sindikudwala, ntchito yokha ndi imene yandipanikiza.

Tizilombo tako ndationa. Titatu. Kodi ku Golomoti kuli nyumba yopanda tizilombo titatu? Komanso tafika titafa, kusonyeza kuti mankhwala akugwira ntchito. Fumbilo ndi phulusa lomwe lija likutsika lokha. Phokosolo ndi makoswe a kudenga.

Ndikuuze zoona, mlongo wanga. Ndinadziwa kuti kalata ngati iyi idzabwera, n'chifukwa chake ndinatenga kiyi. Thumba likafika pakati mtima umayamba kupeka zifukwa. Lero ukuti kuyanika, mawa ndowa imodzi ya phala la mwana, mkuja maliro. Chitseko chimenecho chikatseguka kamodzi sichitsekekanso. Kapena pali wina akukunong'oneza? Ndamva kuti mavenda ayamba kuzungulira m'midzi ndi masikelo awo. Kapena pali mwamuna wayamba kudutsadutsa pakhomopo? Undiuze, ine ndiye mwini mbumba.

Iwe sukudziwa kuti chimanga chimenecho akuchiyembekezera ndi anthu angati. Ndangonena choncho, usandifunse zambiri. Pirira. Mango ayamba kumeneko, aawisi amaphikidwa. Madeya kuchigayo ndi otchipa, ukasakaniza ndi mgaiwa ufa umachuluka. Munthu wamkulu safunika kudya m'mawa. Januwale si kutali.

Envelopu iyi ndi yako yomwe ija, ndangoitembenuza. Nawenso uzichita chimodzimodzi.

Dyson

Golomoti, 13 Novembala

Achimwene,

Moni ndikupatsani chifukwa amayi anatiphunzitsa kutero.

Mwamuna amene wadutsa pakhomo pano ndi mmodzi, wogula mbuzi. Mbuzi yathu yapita, ndalama yake tadya yatha. Thumba lachitatu linatha pa 20 Okutobala. Ku Bwanje ndikupita m'mamawa kukafuna ganyu, tikumakumanako akazi makumi awiri pa ntchito ya anthu asanu. Mango owiritsa tadya mpaka m'kamwa mwachita zilonda.

Lachiwiri ndinabereka Mayamiko kupita naye kusikelo ku Mua, wapansi, kuti ndisalipire kabaza monga mumaphunzitsira. Anesi anamuyeza mkono ndi kalamba kamitundumitundu kaja koonera ana onyentchera, kanaima pachikasu. Anandifunsa mwaulemu ngati chaka chino sitinakolole. Ndikanayankha chiyani? Kuti tili ndi matumba khumi ndi awiri koma kiyi ali ku Chinsapo? Ndinangoti mvula inavuta. Ndinanama maso ali pansi, chakudya chili m'nyumba mwanga.

Nditabwerako ndinatenga nkhwangwa. Amayi atandiona anadzikoka ndi miyendo yawo ija n'kukakhala pachitseko. Anati, "Uyambe wadula ine. Chimene watseka mlongo wako sungathyole ndi nkhwangwa ngati nyumba ilibe mwini. Ukadzadwala adzakuthamangira ndani? Ine ndikadzafa adzalamula maliro ndani? Mwana wakoyu pa ukwati wake adzamuimira ndani?" Analira mpaka ndinaponya nkhwangwa pansi. Akukhulupirira inu kuposa makutu awo, chifukwa phokoso lija tsopano silifunanso kuika khutu, ukulimva uli pakhonde. Kwayambanso fungo la nkhungu.

Ndalama ya botolo ija ndaimasula kanayi kuti ndigule ufa, kanayi ndaimanganso, chifukwa ndikuti kiyi akafika mawa ndidzathira chiyani.

Ndikufunseni, ndipo mundiyankhe. Malipiro anu akupita kuti? Miyezi isanu, ngakhale sopo mmodzi. Kodi alamu a Selina ndi amene akugwira chikwama, ndi kiyi yemwe? Ngati mukufuna chimangachi chidzakhale mpamba wa bizinesi ya akazi anu, nenani, tidziwe chimene tikufera.

Ndatukwana, ndanyoza, zandithera. Tsopano ndikugwada. Tumizani kiyi, achimwene, mwana wanga akutha ndikuona.

Zione

Chinsapo, 28 Novembala

Alamu anga a Zione,

Ndine Selina. Chikwatiwireni sindinakulemberenipo kalata, ndipo bambo a ana sakudziwa kuti ndikulemba. Kalata yanu ndinaipeza m'thumba la yunifolomu pochapa. Mawu onena ine aja anandipweteka, koma sindikukukwiyirani. Ndikanakhala ine kumeneko ndikanaganizanso chomwecho.

Alamu, ntchito ya achimwene anu inatha mu Meyi. Kumene ankalondako anachotsa alonda theka, iwo anali m'gulu lomwelo. Pamene ankakulemberani za sopo ndi machesi zija n'kuti kuno kulibe cholowa. Malangizo onse aja sanawatenge m'buku, ndi mmene tikukhalira ife. Tiyi wachitatu uja kuno timamwa Lamulungu lokha.

M'mawa uliwonse amavala yunifolomu kuti oyandikana nawo asadziwe, amayenda wapansi mpaka m'tauni, amakaivula kuseri kwa msika n'kuyamba kusenza katundu wa anthu. N'chifukwa chake ankawazemba a Felesita. Tagulitsa wailesi, bedi ndi mipando. Ana akudya kamodzi. Eni nyumba atiuza kuti pakutha pa Disembala tichoke.

Kiyi uja amamuvala m'khosi pa kachingwe, pamodzi ndi korona wopempherera. Akakhala pansi amamugwira n'kumati, "Selina, usaope, kumudzi tili ndi matumba khumi ndi awiri." Akatero ana amaseka, inenso mtima umakhalako pansi. Koma tizilombo munatumiza tija anatiyang'ana tsiku lonse, chakudya osakhudza. Ine ndikuganiza kuti akudziwa, alamu. Akuopa kutsegula chifukwa chitseko chikakhala chotseka matumba akadali khumi ndi awiri.

Lero posamba anapachika kachingweko pa msomali, ine ndadula. Chimene andichite ndiona. Ndine mayi, kalamba kachikasu ndimakadziwa. Tsegulani, mwana adye. Amayi muwauze kuti kiyi wachokera kunyumba kwa mwana wawo, si bodza.

Mukatsala kanthu mutikumbukire.

Ndine mlamu wanu,
Selina

Chinsapo, 5 Disembala

Zione mlongo wanga,

Kalata iyi ndapatsira kondakitala wa minibasi, sindikanatha kudikira a Felesita. Selina wandiuza zonse zimene analemba. Ndinakwiya tsiku limodzi, lachiwiri ndinalibenso mphamvu yokwiyira. Zonse ndi zoona. Mawu a mavenda ndi mwamuna aja undikhululukire, ndinawalemba ndi njala ndi manyazi. Mayamiko ndi mwana wanga, ndipo ndine amene ndamuika pachikasu.

Pa 31 tiyenera kutuluka m'nyumba muno. Kolowera kulibe koma kwathu. Tili anthu anayi ndipo ndalama ya ulendo sindinaipeze. Ndinkati ndidzabwera mu Januwale kiyi ali m'manja, ndidzatsegule ndekha amayi akuona, kuti ngakhale ntchito yatha adzanene kuti mwana wawo anasunga banja.

Pofika pano watsegula. Usandibisire, usandinyengerere. Ndi matumba angati?

Dyson

Golomoti, 11 Disembala

Achimwene,

Moni kwa inu, kwa ana, ndi kwa alamu a Selina amene ndinawalakwira ndipo ndidzawapepesa pamaso. Makalata onse awiri afika.

Mwafunsa kuti angati. Awiri ndi ndowa imodzi.

Tinatsegula tsiku lomwelo kiyi anafika. Amayi anayamba amugwira m'manja, anayang'ana kachingwe kanu kakuda ndi thukuta, kenako anandipatsa. Chitseko chitatseguka munatuluka mpweya wotentha ngati wa uvuni wa njerwa, makoma ali bii ndi tizilombo. Matumba anali chiimire monga ndinawasanjira, mpaka mtima unayamba kuyembekeza. Nditamasula loyamba ndinalowetsa dzanja, linangomira mpaka m'chigongono. Munalibe cholimba. Nditalitulutsa linali loyera, anankafumbwe akukwera kulowera kuphewa.

Tasefa ndi kupeta masiku atatu, ine ndi amayi. Njere zambiri ukazigwira zikungophwanyika, ndi makoko okhaokha. Za m'matumba apakati ndi zimene zapulumukako, zobooka koma zolemererako. Zotsalazo ndi fumbi lonunkha. A Chikumbutso oweta nkhumba atenga n'kutipatsa nyemba mbale ziwiri, ndipo nkhuku za m'mudzi muno sizinakhutepo chonchi chibadwire.

Ndinagayitsa pang'ono n'kuphika phala. Ndi lowawa, achimwene, ine ndinalavula. Mayamiko anamaliza mbale yonse, ananyambita supuni, n'kufunsa ngati lilipo lina. Apo ndi pamene ndinalira. M'chipinda muja sindinalire.

Ndinkafuna ndikulembereni mawu oti akulaseni. Ndinawakonza ndikupeta, anali ambiri ndipo anali abwino. Koma botolo limodzi ndinagula ndine, wogulitsa anachenjeza ine, nkhwangwa ndinaponya pansi ndine. Tonse tinasunga, inu ndi kiyi, amayi ndi misozi, ine ndi kumvera, ndipo amene tawasungira akhuta. Amayi nditawawerengera za yunifolomu zija anangoti, "Mwana wanga akusenza katundu wa anthu osadya? Umuuze abwere."

Ndiye bwerani. Ndawerengera monga munandiphunzitsira. Anthu asanu ndi awiri, akuluakulu kudya kamodzi patsiku, ana kawiri, tifika sabata yoyamba ya Febuluwale. Chimanga chachiwisi ndi Malichi. Za masiku apakatiwo sindikudziwa, ndipo malangizo musabwere nawo, bwerani ndi makasu ngati simunagulitse. Mvula yagwa, ndabzala theka la munda, theka linalo likudikira manja anu ndi a alamu.

Mu envelopumu, yomwe ija yotembenuza, muli ndalama ya botolo ija. Pa zonse tinasunga yatuluka yathunthu ndi yokhayi. A Felesita ayankhula ndi dalaivala wa lole imene imabwerera kuno yopanda katundu. Akuti Lachisanu pa 26 mukamupatse imeneyo, mukwere kumbuyo nonse ndi mapoto anu.

Loko ndachotsa. Chipinda chija ndachisesa, ndachifukiza ndi utsi, ndachizira. Mudzagona momwemo inu ndi alamu ndi ana. Malo alimo ambiri.

Ndine mlongo wanu,
Zione